Asilikali Akatembenuka, Umathawitsa Mwana

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mwamuna wanga, ngakhale amayi anga amene anandilerera mwana. Dotolo sanandiletse kuyamwitsa. Anandiuza maso ndi maso, m'Chipwitikizi chimene ndimachimva bwino lomwe, kuti mkaka wanga ulibe vuto, mwana ayamwe. Mawu ena onse a dotoloyo ndinafika nawo kunyumba, koma amenewo ndinawasiya m'chapa, minibasi imene ndinakwera pobwerera. Mpaka lero anthu a kuno ku Insaca amati, "Anamuletsa kuchipatala, nanga akanatani." Ine ndimangogwedeza mutu.

Ndiyambire pa kutentha, pakuti matendawo anayambira pomwepo. Mwana wanga wamkazi anabadwa mvula ikuyamba. Miyezi yoyambirira ndinali bwinobwino, wonenepa, anthu akundiseka kuti nkhuku za chikuta ndinadya ndekha. Itafika nyengo yozizira, ija anthu amafunda nsalu za kapulana ziwiriziwiri popita kumsika, ine thukuta kamukamu. Ndinali nditabwerera kale ku shikola kumene ndimaphunzitsa ana aang'ono. Anzanga avala majuzi, ine ndikudzikupiza ndi kope. Njala inkandigwira ngati ndachokera kudimba. Ndinkadya chinangwa chophika m'mawa, ndisanafike pamsewu ndayamba kale kulakalaka china. Koma masiketi ankangogwa. Ndinkati ndi kuyamwitsa, ndipo aliyense ankati ndi kuyamwitsa.

Kenako manja. Polemba pa bolodi choko chinkagogoda chokha, te-te-te, zilembo kutuluka ngati mapazi a nkhuku. Ana sabisa kanthu. Ndinkamva kumbuyo kwanga akunong'onezana kuti apulofesola, ndiye kuti aphunzitsi, akuvina. Mtima unkathamanga ndili chikhalire, ndinkaumva m'makutu. Mkwiyo nawo unabwera. Supuni kugwa pansi, ine ndalusa.

Mwamuna wanga amapikula nsomba zouma kunyanja ya Amaramba n'kumazibweretsa pa mota, njinga yake yamoto, kumsika wa kuno. Ndi munthu wofatsa, wofatsa mpaka kukukwiyitsa. Tsiku lina akumasula dengu pakhonde anaima n'kunena kuti, "Amake mwana, ndalakwanji?"

"Mwalakwa chiyani nanga?"

"Ndiye mwanditong'olera maso choncho bwanji, ngati ndakuberani?"

Ndinamuyankha zachabechabe, koma atachoka ndinapita pagalasi. Maso anga anali a munthu wodzidzimuka, choyera chikuonekera pamwamba pa chakuda. Ndinameza malovu, ndipo pansi pa kholingo panakwera kanthu n'kutsikanso. Khosi linali litatupa pang'ono, mbali zonse ziwiri. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadzikulunga mpango pakhosi, ngakhale ndinkapsa nawo.

Anthu sanachedwe kupeza mayina a matenda anga. Ena ankati kachilombo, poti munthu wakuonda akudya alibenso dzina lina kwathu kuno. Ena ankaloza mwamuna wanga, ati anadumpha mwambo mwana ali wakhanda. Mayi wina wa pafupi nafe anandibweretsera paketi ya mchere wa ayodini, ati chithokomiro chimaopa umenewo. Tinakayezetsa magazi limodzi ndi mwamuna wanga, tinapezeka tilibe kachilomboko. Namwino wa kuno anandigwira pamkono kumvetsera mtima, anandipapasa pakhosi, n'kunena kuti izi n'zofunika kuchipatala chachikulu cha ku Cuamba.

Ndisanapite ku Cuambako panachitika chinthu china, ndipo popanda chimenechi simungandimvetse. Ndinkasambitsa mwana m'beseni kuseri kwa nyumba, dzuwa la masana. Anali atayamba kukhala yekha, wonenepa, woterera ndi sopo. Pomutukula manja anga anangoti gwedegwede, mwana phulu, kugweranso m'madzi chafufumimba. Ndinamuvuula pomwepo, sanapweteke, anangomwa timadzi n'kuyamba kulira. Koma ine m'malo momutonthoza ndinamukalipira. Ndinakuwa pankhope pake kuti, "Khala chete! Khala chete iwe!" Analekadi kulira. Anandiyang'ana m'maso anga otong'okawo, kamlomo kakunjenjemera, n'kutembenuzira nkhope kumbali. Palibe anaona. Ndinamupukuta, ndinamuyamwitsa, koma kuyambira pamenepo ndinkaopa manja anga. Pomunyamula ndinkakhala kaye pansi.

Amayi anga anabwera kuchokera ku Entre Lagos kudzatsala ndi mwana. Amayi anathawa nkhondo ali kamtsikana, anakulira ku Malawi, ndipo mtendere utabwera anabwerera n'kukhazikika pafupi ndi siteshoni. Amagulitsa kapulana, shuga ndi sopo kwa anthu odutsa malire ndi okwera sitima. Chichewa chawo n'cha kutsidya, amati sukulu pamene ife timati shikola, ndipo Chipwitikizi amangodziwa cha pamalonda. Tsiku limene ndinalandira setifiketi ya uphunzitsi anasiya kunditchula dzina, anayamba kunditcha apulofesola. Mbali ina n'kunyada, mbali ina n'chipongwe. Amayi ndi otero.

Ku Cuamba ananditenga magazi, anawatumiza kumzinda waukulu kuti akawayeze, analizi timatero kuno, ndipo ndinabwereranso ulendo wina kukamva zotsatira. Dotolo anali mayi wachitsikana ngati ine ndemwe. Atamva kuti ndine mphunzitsi anandifunsa kuti ku shikola kwathu belu limalira bwanji. Ndinati ndi limu ya galimoto yopachika pamtengo wa mango, timaimenya ndi chitsulo.

"Likalira, ana amafunsa kuti waliza ndani?"

Ndinati ayi, amangothamanga.

Anati pakhosi panga pali kachiwalo kakang'ono, chithokomiro, kamene kamauza thupi lonse liwiro loti liyendere: mtima ugunde bwanji, chakudya chipse msanga bwanji m'thupi, munthu atenthedwe kapena azizidwe. Koma timaselo ta kachiwaloko sitigwira ntchito mwakufuna kwake. Timadikira belu lochokera m'mutu, pansi pa ubongo. Belulo likalira timagwira ntchito, likaleka timapuma. Tsono chitetezo cha thupi langa, chimene chimayenera kulimbana ndi matenda ochokera kunja, chinalakwitsa n'kupanga tinthu tofanana ndendende ndi chitsulo choimbira belu. Tinthuto tikuliza belu usana ndi usiku. Ubongo unaleka kalekale kuliza, ukuona kuti zachuluka, koma chithokomiro sichidziwa kusiyanitsa. Chikungomva belu, chikungothamanga, ndipo thupi lonse likuthamanga nacho. Anati zimenezi zimakonda kudzuka mayi akangobereka kumene. Si mchere, si mwambo, si kulakwa kwa munthu.

Anandipatsa timapiritsi tochepetsa liwiro la chithokomiro ndi ena okhazika mtima pansi. Ndinafunsa za mwana. Anati, "Ayamwe. Muzimwa mankhwala mukangomaliza kuyamwitsa. Pa mlingo umene ndakupatsaniwu mwana savulala." Ndinabwerezanso funsolo, iye anabwerezanso yankho. Ndiye musaganize kuti sindinamve.

Ndinafika ku Insaca dzuwa litapendeka. Amayi anali pakhonde akusenda nandolo, mwana ali kumsana kwawo, mtulo. Mwamuna wanga anali asanabwere kunyanja.

"Tiuzeni, apulofesola, azungu a ku Cuamba apeza chiyani?"

Apa m'pamene panavuta. Zonse ndinazimva m'Chipwitikizi, tsopano ndiziike m'Chichewa. Mawu a dotolo a tinthu tija alibe mnzake m'chilankhulo chathu. Ndinafufuza m'mutu n'kupeza mawu amene tonse tinawamva pa wailesi ndi kusikelo. Ndinati, "Akuti vuto ndi asilikali a m'thupi."

Amayi anaika lichero pansi. "Si unati munayezetsa?"

"Tinayezetsa, amama, si kachilombo. Uko asilikali amachepa. Anga sanachepe, alipo ambiri, amphamvu. Koma asokonezeka. M'malo molimbana ndi adani, atembenukira thupi langa lomwe. Akupita pakhosi apa n'kumalamula zabodza."

Za belu zija ndinaziiwala, sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndikanayamba ndi belu nkhani ikanayenda njira ina.

Amayi anayang'ana pakhosi panga, kenako anapotoloza dzanja kumbuyo n'kugwira kaphazi ka mwana.

"Asilikali ako omwe," anatero.

"Eya."

"A m'mudzi momwemo."

"Eya, amama."

"Ndiye ukudikira chiyani iwe? Asilikali akatembenukira mudzi wawo sukhala pansi kufunsa kuti alakwitsa bwanji. Umathawitsa mwana kaye. Magazi ako ndi omwewo, mkaka wako ndi womwewo. Ukufuna awolokere mwa mwanayu?"

Apa ndiye pamene ndinayenera kunena. Mawu anali pakamwa penipeni: dotolo wati ayamwe. Ndinayang'ana mwana ali phee kumsana kosagwedera, kumsana kwa munthu amene mtima wake ukugunda mwaulemu. Ndinayang'ana manja anga ali pamiyendo, akunjenjemera okha ngati masamba a chinangwa. Ndinakumbukira beseni lija, ndi kamlomo kaja. Ndisaname, ndinalinso wotopa, kutopa kofika m'mafupa, ndipo kwinakwake m'kati mwanga munthu wina ankafuna kugona tulo tosadukiza. Ndinangoti, "Ndi zoona, amama."

Mwamuna wanga atabwera, amayi ndi amene anamufotokozera. Anandifunsa kuti, "Amake mwana, achipatala atero?" Ndinati atero. Anakanda m'mutu, anayang'ana apongozi ake, n'kunena kuti ngati achipatala atero, iye ndani.

Amayi anakhala nafe masiku angapo kuti mwana azolowere phala ndi mkaka wa m'chitini. Ankalira akandiona, akukoka bulauzi yanga, ndiye amayi anati ndisamaonekere pafupi. M'mawa wina anamubereka kumsana, katundu pamutu, n'kukwera chapa ya ku Entre Lagos. Tinagwirizana kuti ndi za kanthawi, mpaka mankhwala agwire. Mwana anali mtulo pamene chapa inkanyamuka. Ndinaona kachipewa kake kofiira pawindo mpaka fumbi linatseka.

Mabere anatupa ngati maungu. Ndinkapita kubafa kuseri kukafinyira mkaka pansi, pamchenga. Unkapanga kadziwe koyera, kenako n'kulowa m'dothi. Tsiku lotsatira ndinkapeza nyerere zitazungulira pamalopo. Ndinkaziyang'ana ndi nsanje, ndithu, nsanje ndi nyerere. Mkaka wabwinobwino, woti dotolo anauvomereza, ukudyedwa ndi nyerere, mwini wake akumwa wa m'chitini kumalire. Nthawi zina mwana wa eni akalira kutsidya kwa mpanda bulauzi inkanyowa yokha. Thupi lomwelo limene linkamvera belu labodza linkamveranso kulira kwa mwana wosakhala wanga. Ndinayamba kuliona ngati thupi lopusa, lomvera aliyense.

Nyumba inakula. Sindinkadziwa kuti kamunthu kosayenda kangadzaze nyumba chotero. Beseni lija ndinalivundikira pamwamba pa kabati. Kamalaya kamodzi kanatsalira pachingwe, sindinakachape, ndinkakanunkhiza mpaka fungo linatha n'kutsala la manja anga. Mwamuna wanga ankabwera ndi nsomba zazing'ono zonona zija n'kunena kuti, "Izi zikanakoma m'phala la mwana," kenako n'kuzindikira kuti walankhula, n'kutuluka panja kukapukuta mota yoyera kale.

Mankhwala sanagwire msanga monga tinkaganizira. Liwiro linkatsika, kenako n'kukweranso. Nthawi ina linatsika mopitirira, ndinayamba kuzizidwa ndi kuwodzera m'kalasi, dotolo n'kuchepetsa mlingo. Ulendo uliwonse wa ku Cuamba ndinkati ukakhala wabwino ndikatenga mwana, ndipo ulendo uliwonse pankapezeka chifukwa chodikirira wina. Dotolo anandifunsapo kuti mwana akuyamwa bwino? Ndinati akukula bwino. Si bodza limenelo.

Masiku amenewo ndinkawerenga kwambiri pa foni za matendawa. Sindinena kuti ndinamvetsa zonse. Koma chimodzi chinandikhala. Akuti timaselo ta chithokomiro tikamalandira mauthenga a chitetezo, natonso timayamba kuonetsa zizindikiro ndi kutulutsa mauthenga ake, ndipo zimenezo zimaitana asilikali ena kuti abwere pomwepo. Ndiye kuti mudzi ukukuwa, ndipo kukuwako n'kumene kukuwalozera njira. Ndinaika foni pansi n'kugwira pakhosi. Sindinadziwe woti ndimukwiyire. Onse ndi anga, olamula zabodza ndi anga, omvera ndi anga.

Ku Entre Lagos ndinkapita pa feriya, shikola ikatsekera, ndi Loweruka lina ndikapeza mpata. Ndinkapeza mwana wasintha, ngati buku limene wina wakuwerengera masamba ena iwe kulibe. Ndinamusiya akukhala, ndinamupeza akukwawa pakati pa mitolo ya kapulana. Ndinamupeza wamera mano. Kuyenda kwake koyamba anaona ndi anthu odikira sitima, ati anawombera m'manja. Ine ndinamva pa foni, mawu a amayi akudukaduka.

Ndikamatsika chapa, amayi ankakuwa ali pa benchi lawo la malonda, "Eee, apulofesola afika! Konzani mipando!" Amayi anzawo ogulitsa nawo ankalandira, "Takulandirani apulofesola!" Tinkaseka. Palibe anaganizapo kuti pali kakhutu kakang'ono kakumvetsera.

Ulendo wina ndinafika mwana atayamba kulankhula. Anali atakhala pa katoni ya sopo, akudya nthochi. Anandiona, anatsika, anathamangira kwa amayi n'kugwira kapulana yawo.

"Amama, amama! Apulofesola abwela!"

Msika wonse unafa nacho chiseko. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi. "Mwamva? Mwana waulemu ameneyu, ndalera ine!" Inenso ndinaseka, nanga ndikanatani pagulu. Ndinagwada n'kumuuza kuti, "Awa ndi anganga, agogo ako. Amama ndine." Anandiyang'ana bwinobwino, ngati kasitomala woona nsalu, n'kupukusa mutu. "Inu apulofesola." Kenako anandipatsa nthochi yake yolumaluma, poti mlendo amapatsidwa kanthu.

Ndinaidya nthochiyo. Pobwerera m'chapa ndinafunda mpango kumaso ngati ndikuthawa fumbi.

Chimene ndinkachilakalaka si chachikulu. Sindinkafuna kuti andithamangire kapena andiimbire nyimbo. Ndinkangofuna kuti akagwa n'kunyuka bondo, poyang'ana uku ndi uku kufuna wolirira, maso ake aime pa ine. Ndinaonapo akugwa ine ndili pafupi kwambiri, mkono umodzi. Anandilambalala, kulira akuthamanga, mpaka kwa amayi amene anali kutali akupima shuga.

Chaka chathachi, mvula itatha, dotolo anati magazi anga akhazikika. Mankhwala ndikumwabe, kapiritsi kochepa, ndipo anandichenjeza kuti matendawa amatha kugona n'kudzukanso. Koma manja anaima. Ndimatha kulowetsa ulusi pa singano. Maso anabwerera pang'ono, khosi linaphwa, kwangotsala kachotupa koti uchite kupapasa. Mwamuna wanga anati, "Amake mwana, dzina limeneli ndatopa kuliitana m'nyumba mopanda mwana." Aka kanali koyamba kuti adandaule.

Ndinapita ku Entre Lagos pa feriya yotsatira. Ndinawauza amayi masana kuti ndabwera kudzatenga mwana, sitima itadutsa, msika utazizira. Mwana ankasewera ndi zitsekero za mabotolo chapatali.

Poyamba anayesa nthabwala. "Mukamudyetsa chiyani kumeneko, choko? Uyu amadya nsomba ya mafuta." Kenako anati adikire kuzizira kuthe. Kenako anati mwanayu ali ndi chifuwa, sangakwere chapa. Ndinati, "Amama, chifuwa chake chili kuti?" Anayamba kupinda kapulana zopinda kale.

Atapinda zingapo anayamba kulankhula osandiyang'ana. Anati nthawi ya nkhondo amayi awo, agogo anga amene sindinawaone, anawapereka kwa azakhali awo kuti awoloke nawo malire, iwo atsale kaye ndi odwala, abwera m'mbuyo. Anabweradi, koma patapita zaka. Tsiku limene agogowo anafika kumsasa wa othawa nkhondo, amayi anga anatumidwa kukawapatsa madzi. Anagwada, anapereka chikho, anapereka moni wa alendo, n'kubwerera kukasewera. Nkhaniyi ndinali ndisanaimvepo.

"Ndiye munawazolowera liti?" ndinafunsa.

"Ndinkawapatsa ulemu," anatero amayi. "Mpaka kumwalira kwawo ndinkawapatsa ulemu kwambiri."

Anaika nsalu pansi n'kunditembenukira. Sananditche apulofesola. "Iwe, tsiku lija ndinakuuza za kuthawitsa mwana, izi ndinkazidziwa. Ndinangoona kuti bola mwana wamoyo wokupatsa ulemu. Mutenge mawa. Usadikire kuti akudziwe kaye, sangakudziwire kuno."

Apanso mawu aja anafika pakamwa. Amama, panalibe choti athawe, dotolo anati ayamwe. Koma ndinganene bwanji kwa munthu amene wangonditsegulira bala lakelo? Kuti anadzuka usiku zaka zonsezi, anabereka mwana kumsana wokalamba, anakumbutsidwa za kumsasa, zonsezo chifukwa cha nkhondo imene kunalibe? Ndinameza. Kachotupa kanakwera n'kutsika.

M'mawa amayi anamanga zovala za mwana m'kapulana yatsopano, ya pa malonda, n'kuikamo zitsekero zake za mabotolo. Anamuuza kuti akupita kukaona shikola ya apulofesola. Mwana anakwera chapa mosangalala. Chapa itangoyamba kuyenda, ataona kuti amayi atsala pansi, anakuwa. Sindinamvepo kukuwa kotero. Ankamenya galasi, "Amama! Amama!" Amayi anatembenuka msanga n'kuyamba kukonza katoni za sopo, kutipatsa msana. Bambo wina m'chapamo anandifunsa mwaulemu kuti mwanayu ndi wanga? Ndinati ndi wanga. Anati, "Pepani, ndangofunsa."

Analira mpaka mawu anasasa. Ndinamugwira, ndipo manja anga sanagwedere ngakhale pang'ono, ndinaona zimenezo. Chapakati pa ulendo tulo tinamugonjetsa. Ali m'tulo dzanja lake linayamba kufufuza pachifuwa panga, kukwera, mpaka linafika pakhosi. Amayi amavala mkanda wa mikanda, ndiye mwana anazolowera kugona ataugwira. Pa ine sanapeze mkanda. Anapeza kachotupa kaja, tizala take tinakhazikika pomwepo, pamalo penipeni pamene nkhani yonse inayambira. Sindinasunthe mpaka ku Insaca, ngakhale khosi linachita dzanzi.

Tsopano ali nafe. Bambo ake anawazolowera msanga chifukwa cha mota, amawatcha ababa, amawathamangira akamva kulira kwake pamsewu. Ine amadya chimene ndaphika, amalola ndimusambitse, m'beseni lomwe lija. Amati zikomo. Ndi mwana waulemu kwambiri, ndipo mawu amenewo tsopano amandiopsa. Masana amaima pakhomo n'kutchera khutu. Kuno sitima simveka, koma iye amadikirabe, kenako amabwera kudzandifunsa, "Apulofesola, amama abwela liti?" Ndimati abwera pa feriya. Sindimukonzanso. Ndinayesa, ndinaona kuti ndikumulanda chinthu china.

Amayi amaimba foni Lamlungu. Amafunsa ngati akudya, ngati ndikumupaka mafuta kumapazi, kenako amanena kuti malonda akuyenda bwino tsopano poti palibe wowasokoneza. Mayi wina wogulitsa nawo anandiuza kuti katoni ya sopo ija amakhalira mwana sanaigulitse, ili pomwepo.

Sabata yatha anagwa pabwalo, bondo linanyuka. Anadzuka, anayang'ana kuchipata, anayang'ana kumsewu. Kenako anayang'ana ine. Sanabwere, koma sanathamangirenso kwina. Anaima pomwepo akulira, maso ali pa ine, mpaka ndinafika n'kumunyamula. Sindikudziwa ngati chimenecho ndi chiyambi kapena kungoti panalibe wina.

Pomusambitsa ndimapapasa kakhosi kake, ngati ndikutsuka. Dotolo anati matendawa nthawi zina amayenda m'banja, makamaka mwa ana aakazi. Ndiye mwina chimene amayi ankamuthawitsa anali nacho kale m'magazi tsiku lobadwa, ndipo malire aliwonse sakanamuteteza. Kakhosi kake n'kosalala. Amaseka, amati ndikumugirigisha.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndinu oyamba kudziwa. Mwana ameneyu ndamuchotsa kawiri, koyamba pabere langa, kachiwiri kumsana kwa amayi anga. Koyambako ndinali ndi manja ogwetsa mwana m'madzi ndi pakamwa pokalipira khanda, koma ndinalinso ndi mawu a dotolo amene ndinawabisa. Mukanakhala inu pakhonde paja, mukanawatulutsa? Nanga kachiwirika, ndinamubweza kwawo kapena ndinamuchotsa kwawo? Ndipo amayi anga ndiwauze, kapena ndiwasiye akhulupirirebe kuti anawolotsa mdzukulu wawo pa nkhondo? Ndiuzeni, ndinachita bwino kodi?